Mkonono wa Ahedi

Wamakiyi anali ndi kashopu pakati pa sitolo ya utoto ndi malo ometera tsitsi. Kanali kopapatiza moti kasitomala wonenepa ankalowa cham'mbali. Pakhoma panali makiyi osadula, atapachikidwa pamisomali m'mizeremizere, ndipo pansi pake panali makina odulira amene akayatsidwa ankalira mogonthetsa m'khutu. Ntchitoyi anali ataigwira zaka zoposa makumi awiri, ndipo ambiri odutsa mumsewumo ankangomudziwa ngati mdala wa magalasi wosakonda zoyankhula. Koma kamodzi pamwezi, mwina kawiri, pankabwera munthu wa imvi, n'kupereka kiyi wake, n'kumuyang'anitsitsa, kenako n'kuyamba kumwetulira. Wamakiyi ankadziwa chotsatira. Munthuyo ankapendeketsa mutu, n'kutsinzina, n'kuliza mkonono.

"Ndinu amene, eti? A mu Alamu Awiri aja?"

"Ndinali," ankatero, n'kuyatsa makina kuti phokoso limalize nkhaniyo.

Alamu Awiri linali sewero loseketsa limene linkaonetsedwa pa wailesi ya kanema Loweruka lililonse, zaka makumi atatu zapitazo. Ankasewera anthu awiri okha: iyeyo ndi mlongo wa mkazi wake, amene aliyense ankamutcha Chipewa chifukwa cha chipewa chachikulu chimene ankavala m'seweromo. Katundu wawo anali sofa imodzi ndi chitseko chabodza. Chipewa ndiye ankalowa pachitsekopo ndi nzeru zopusa, monga zoweta mbuzi m'bafa kapena kutsegula sukulu yophunzitsa anthu kulira pamaliro a munthu wosamudziwa. Wamakiyi ntchito yake inali kukhala pasofa nkhope ili gwa, kumvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Alamu, izi sizitithera bwino." Mawu amenewa anafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Ankanenedwa m'maofesi, m'mabasi, ngakhale m'chipatala munthu akuwona jekeseni.

Chimene chinawatchukitsa kwambiri, n'kuwathetsanso, inali nyimbo.

Masiku amenewo Wamakiyi anali atangokwatira kumene, ndipo ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya apongozi ake. Apongoziwo anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya sekondale, ndipo tawuni yonse, ndi ana awo omwe, inkangowatcha Ahedi. Anali munthu wa tayi ngakhale tsiku lotchetcha kapinga. Lamulungu lililonse akadya chamasana ankakhala pampando wandalema pakhonde, nyuzipepala ili pamimba, n'kugona. Mkonono wawo unali wa magawo atatu: ankakoka mpweya ngati munthu akukoka tebulo pasimenti, kenako zii, moti mlendo ankayamba kuchita mantha, ndiyeno n'kumalizira ndi kalikhweru kakang'ono.

Lamulungu lina alamu awiriwo ananyang'ama n'kuika wailesi ya kaseti pansi pa mpandowo, n'kudina kabatani kojambulira, n'kuthawa. Patapita ola anakaitenga, mpando uli wopanda munthu. Anamvera mphindi imodzi yokha yoyambirira, naseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo m'mawa mwake kasetiyo inali kale kusitudiyo. Kumeneko anawonjezera gitala ndi ng'oma, naika mawu akuti:

"Apongozi agona, denga likugwedezeka,
galu wasamuka, wotchi yaima."

Akafika pamenepo zoimbira zonse zinkaima, Ahedi n'kuimba okha gawo lawo, mpaka kalikhweru kaja.

Dzina la munthu silinatchulidwe m'nyimbomo. Koma apongozi aamuna a Wamakiyi anali amodzi okha, ndipo tawuni inkawadziwa. Lolemba lina Ahedi atakwera pansanja kuti ayankhule kwa ana asukulu, ana mazana asanu ndi limodzi anapendeketsa mitu n'kuliza mkonono pamodzi. Aphunzitsi ena anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Ahedi anadikira mpaka phokoso litatha, nanena zimene anabwerera, natsika. Anamaliza teremu imeneyo n'kupuma pantchito nthawi isanakwane.

Sanakalipe. Anangouza mwana wawo wamkazi kuti, "Uwauze amuna ako apeze nyumba ina." Kwa Chipewa, mwana wawo wobereka, sananene kanthu. Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo anyamata awiriwo ankalandira moni basi, moni wabwinobwino, wofanana ndi amene ankapatsidwa wowerenga mita ya madzi.

Alamuwo anayamba kulozana zala. Wina ankati amene anabweretsa nzeruyo ndiye wolakwa, wina ankati wolakwa ndi amene anadina kabatani. Chaka chisanathe sewero linatha. Chiyambire pamenepo ankaonana pamaukwati ndi pamaliro, n'kufunsana za ana. Kunyumba kwa Wamakiyi nyimboyo ikangoyamba pawailesi, mkazi wake ankadzuka, n'kukazimitsa, n'kubwerera pamene anali.

Tsiku lina m'mawa mushopumo munalowa mayi wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, atakolekera chitupa cha kuntchito m'khosi. Analibe kiyi woti adulitse. Anati ndi mkonzi wa mapulogalamu ku wailesi ya kanema, ndipo akukonza pulogalamu yokumbutsa anthu zoseketsa zakale.

"Bambo, ine ndinakula ndi inu," anatero. "Kwathu nthawi yanu ikakwana, ngakhale mwana wakhanda ankatsekedwa pakamwa. Bambo anga mpaka lero galimoto ikakana kulira amati, alamu, izi sizitithera bwino."

"Apatseni moni."

"Tikufuna mubwere nonse awiri, inu ndi a Chipewa. Mukhale pasofa, muchite kamodzi kokha, muimbe nyimbo ija."

"Bwanji osangoonetsa matepi akale?"

Mayiyo anakanda kumutu. Anati matepi ambiri anafufutidwa kalekale, n'kujambulapo mpira ndi zoyankhula za akuluakulu. Pa masewero oposa zana anatsala awiri, ndipo limodzi mwa awiriwo linachita nkhungu. Wamakiyi anagwedeza mutu ngati wamva za imfa ya munthu amene ankamudziwa patali.

"Kapena inuyo muli ndi chilichonse chimene munasunga? Chithunzi, pepala, chilichonse."

Pansi pa tebulo panali chitini cha mabisiketi chimene ankasungamo maloko owonongeka. Anavundula mpaka pansi, natulutsa kaseti yopanda chikuto, pamwamba pake patalembedwa ndi bolopeni kuti "Lamulungu". Sanadziwe chifukwa chake anaisunga, ndipo sanadziwenso chifukwa chake anaipereka.

"Ndi mkonono weniweniwo, usanalowe zoimbira. Za kubwerazo ndiyambe ndafunsa kunyumba."

Madzulo anapeza mkazi wake akusita makatani. Anali namwino wopuma pantchito, ndipo ankamvetsera nkhani iliyonse ngati akumva wodwala akufotokoza matenda. Anamusiya afotokoze mpaka kumaliza.

"Mukundifunsa kapena mukundiuza?"

"Ndikufunsa, amayi."

Mkaziyo anatembenuza katani. "Akavomera achimwene, pitani."

Ananena choncho podziwa kuti mlongo wakeyo tsopano anali mkulu wa mpingo, mwini malo ogulitsira matayala, munthu wa mimba yake ndi ulemu wake. Koma Wamakiyi atamuimbira foni, Chipewa sanadikire n'komwe kuti amalize.

"Liti? Chipewa chija ndikadali nacho, alamu. Chili pamwamba pa wadirobu. Njenjete zangodya pang'ono kumbuyo, kamera siionako."

Tsiku lojambula linali Lachinayi m'mawa. Mkazi wa Wamakiyi anavala n'kunyamula chikwama chake, nati akupita nawo chifukwa amuna awiri okalamba sangakumbukire okha nthawi yomwera mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Palibe amene anamutsutsa.

Situdiyo inali ina, yozizira ngati mosungira nyama. Sofa inali yatsopano, yofewa kwambiri moti Wamakiyi atakhalapo maondo anafika pachifuwa. Anawapaka ufa kumaso kuti zipumi zisanyezimire. Kutsogolo kwawo kunakhala ana a kukoleji okwana makumi anayi amene anabwera nawo pabasi, ndipo pambali panaima bambo wina wonyamula chikwangwani cholembedwa kuti SEKANI.

Anasankha sewero la mbuzi ya m'bafa. Chipewa analowa pachitseko chabodza mwamphamvu ngati kale, bondo n'kumugwira, nayamba mawu ake atagwirira chitsekocho. Pakati anaiwala, nalumphira kumapeto, nabwereranso. Chikwangwani chinkakwera, ana aja n'kuseka, chikatsika n'kusiya. Ena ankasuzumira mafoni awo m'munsi. Wamakiyi anadikira nthawi yake monga ankachitira kale, kuwerenga mumtima mpaka katatu, kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"Alamu, izi sizitithera bwino."

Chikwangwani chinachedwa kukwera. M'kachetechete ameneyo munamveka kuseka kwa munthu mmodzi yekha, wojambula wachikulire wa kamera ya kumanzere, amene anaseka mpaka chithunzi kugwedezeka. Alamu awiriwo anauzidwa kuti abwereze gawo limenelo.

Nthawi yopuma itakwana, mkonzi uja anawaitana kuti amutsatire, nati amayi nawonso abwere. Anawalowetsa m'kachipinda kopanda windo, kodzaza ndi makompyuta, nawapatsa mipando.

"Bambo, kaseti ija munaimverapo mpaka kumapeto?"

"Ndi mkonono wokhawokha," anatero Wamakiyi.

"Mphindi khumi ndi zinayi zoyambirira, inde."

Anadina. Munamveka kuwaza kwa tepi yakale, mpheta zikulira patali, kenako mkonono uja: kukoka, zii, kalikhweru. Mkazi wa Wamakiyi anagwira chikwama chake ngati akufuna kunyamuka. Mkonziyo anathamangitsa tepiyo kutsogolo n'kuisiya.

Mkonono unaduka. Mpando unalira. Nyuzipepala inagwa pansi, ndipo kunamveka kupuma kwa munthu amene wawerama. Kenako mawu, pafupi kwambiri, ngati munthuyo ali m'chipinda momwemo.

"Ehe. Nanga ichi? Chikuzungulira." Panapita kanthawi. "Amayi! Tabwerani mudzaone msampha umene anditchera ana anu."

Kunamveka mapazi, kenako mayi wina akuseka chapansipansi, akuti, "Musawakalipire, ndi ana."

Ahedi anakonza kukhosi, monga ankachitira pansanja. "Inu anyamata awiri. Ndikudziwa kuti ndinu. Mwalowa mayeso osawerenga. Umene mwajambulawo ndi mkonono wa masana, wa munthu amene wadya mwaulemu. Weniweni, umene mayi anu akhala akupirira zaka makumi atatu, ndi uwu."

Ndiye analiza mkononowo. Unali mkonono wabodza, wochita kupeka, woyamba ngati lole ikukwera phiri, n'kusanduka nkhumba, n'kusanduka mpope wa madzi wopanda madzi, n'kumalizira ndi malikhweru atatu, lomaliza lokwera m'mwamba ngati funso. Mayi aja anaseka mpaka kutsokomola. Kenako Ahedi nawonso anaphulika, kuseka kwa munthu wosazolowera kuseka, kotuluka m'mphuno.

"Mukamvera mubwere mudzandiuze ngati ndakhoza," anatero akupumira m'mwamba. "Ngati m'sewero lanu mukusowa apongozi, ine ndilipo. Tayi ndili naye kale. Chinthu chanuchi ndikubwezera pomwe munachiika."

Chapatali kunamveka mawu a mtsikana: "Ababa, tiyi akuzizira!"

"Ndikubwera, mama."

Mpando unaliranso, mapazi anapita, n'kutsala mpheta zokha. Mkonziyo anaimitsa.

Chipewa anali atavula chipewa chake n'kuchiika pabondo. Wamakiyi anayang'ana kakuwala kofiira ka pakompyuta. Anakumbukira kuti mlungu umenewo, nyimbo isanatuluke, Ahedi anamuimitsa pageti m'mawa wina n'kumufunsa kuti, "Palibe chimene mukufuna kundiuza, akamwini?" Iye anayankha kuti palibe. Patapita masiku awiri anamufunsanso, akumwetulira chakumbali, ndipo iye anayankhanso chimodzimodzi n'kufulumira kukakwera basi. Zaka zonsezi ankayesa kuti mdalayo ankafuna kumupanikiza kuti aulule.

"Inenso anandifunsa," anatero Chipewa, ngati wamva zimene mnzakeyo ankaganiza. "Patebulo. Ndinanamizira kutsamwa."

"Bwezani pamene akusekapo," anatero mkazi wa Wamakiyi.

Mkonziyo anabweza. Anamveranso. Mkaziyo sanalire. Anakhala chowongoka, manja ali pachikwama, milomo ikuyenda pang'ono potsatira mawu a mayi ake. Itatha anati, "Tsiku limenelo tiyi ndinathira shuga kawiri. Anamwa osadandaula."

Mkonziyo anayamba kuyankhula mosamala. Anati pa ntchito yake yonse sanapezepo chinthu ngati chimenechi. Anati akufuna chikhale pachimake pa pulogalamuyo: nyimbo iyambe, ithe, kenako anthu amve Ahedi eniake. Dziko lonse lidziwe kuti mdalayo anali munthu wa nthabwala, kuti mwina ndiye anali woseketsa kuposa onse m'banjamo.

"Pamenepo sukunama," anatero Chipewa. Maso ake anali atayamba kuwala. "Alamu, taganizani. Tikhoza kuwayeretsa dzina."

Wamakiyi anayang'ana mkazi wake.

"Ayi," anatero mkaziyo.

"Amayi, anthu akawakonda."

"Mwana wanga, wamva wekha. Akuti inu anyamata awiri. Sanati dziko. Uthengawo unali wa anthu awiri, ndipo awiriwo aumva lero. Wachedwa, koma wafika."

"Koma chemwali," anayamba Chipewa.

"Achimwene, munawatengerapo kale kumsika kamodzi osawapempha. Lero mukawapempha kuti?"

Mkonziyo anayesanso njira ziwiri zitatu, zoti angoulutsa mawu ochepa, zoti aike dzina la banja pansi pa chithunzi. Mkaziyo ankangopukusa mutu modekha, monga ankachitira ndi achibale a odwala opempha kulowa nthawi yoona odwala itatha. Potsiriza mkonziyo anatulutsa kasetiyo m'makina, naiika m'envulopu, naipereka kwa iye ndi manja awiri. Anawonjezera kuti mawuwo awatumiziranso pafoni, chifukwa tepi yakale simachedwa kuduka, ndipo akatero afufuta zimene zili pakompyuta. Nkhope yake inkaoneka ngati ya munthu amene wabweza chikwama chimene anatola pamsewu.

Wina anagogoda n'kunena kuti ana aja atopa, basi yawo inyamuka posachedwa. Panatsala nyimbo.

"Tiimbe?" anafunsa Wamakiyi.

"Munavomera kale," anatero mkazi wake. "Kaimbeni. Ine mundipeza pakhonde."

Anabwerera pasofa. Anawapakanso ufa. Gitala inayamba kuchokera m'masipika, ndipo amuna awiri okalamba anaimba za denga logwedezeka ndi galu wosamuka. Pofika pamene zoimbira zimaima, Ahedi anakoka mpweya m'situdiyo yonse, n'kukhala zii, n'kuimba kalikhweru. Apa ana a kukoleji aja anaseka zenizeni, chikwangwani chisanakwere. Ena anayamba kuyeserera. Chipewa anamaliza ndi kuvina kwake kwakale, kogwedeza phewa limodzi, ndipo Wamakiyi anakhala nkhope ili gwa, zimene aliyense anayesa kuti ndi mbali ya sewero.

Pobwerera anakwera galimoto ya Chipewa, yonunkha matayala atsopano.

"Koma amene anaimitsa tepi ija tsiku lija munali inu," anatero Chipewa ataima pamaloboti.

"Ine? Wailesi inali m'manja mwanu."

"Munati mphindi imodzi yakwana."

"Ndinati yakwana pa nyimbo. Sindinati tisamvere zotsalazo."

"Nonse awiri munali ndi makutu," anatero mkaziyo ali kumbuyo. Anatsegula chikwama, napatsa aliyense piritsi lake ndi botolo limodzi la madzi kuti alandizane. "Maloboti asintha, achimwene."

Pulogalamuyo inaonetsedwa patapita milungu itatu. Gawo la Alamu Awiri linali la mphindi zisanu ndi ziwiri, pakati pa munthu wina amene kale ankayeserera kulira kwa nyama ndi kutsatsa malonda a sopo. Sewero la mbuzi analidula n'kusiya mawu omaliza okha. Mkazi wa Wamakiyi anaonera mpaka pamene nyimbo inkayamba, napita kukhitchini. Pambuyo pake anati ufa unawachulukira kumaso, ankaoneka ngati mikate yosaphika.

Mawu a Ahedi mkaziyo anawatumiza kwa ana awo ndi kwa ana a Chipewa, ndi chenjezo lakuti aliyense amene awaike pa intaneti asadzapondenso pakhomo pake. Mdzukulu wina anayankha kuti sankadziwa kuti agogo aja a pachithunzi ankatha kuseka.

Mlungu wotsatira foni ya Wamakiyi inalira kangapo. Ena ankafuna Alamu Awiri paukwati, ena paphwando la kampani. Onse anawakana mwaulemu. Chipewa anavomera kumodzi, kuphwando la kampani ya inshuwalansi, napita yekha ndi chipewa chake.

Lolemba lake Chipewa anatulukira kushopu, nalowa cham'mbali, nakhala pa kampando ka makasitomala.

"Zinayenda bwanji?" anafunsa Wamakiyi.

"Ndinalowa, ndinanena zanga zonse. Nditamaliza ndinatembenuka kuti muyankhe, n'kupeza pali mphika wa maluwa." Anapukuta thukuta pachipumi. "Anaomba m'manja, koma mwaulemu. Chakudya chokha ndiye chinali chabwino."

"Mupitanso?"

"Aaa, bondo ili." Anayang'ana kunja, kumene wometa tsitsi ankakutumula nsalu yake. "Chemwali akuti Lamulungu tibwere ndi akazi anga kudzadya kwanu. Mukudziwa?"

"Andiuza m'mawa."

"Akuti tifike isanakwane wani koloko."

"Ndiye mufike isanakwane," anatero Wamakiyi. Pakhomo panaima mayi wina ndi loko wa geti m'manja, ndipo Chipewa anakokera miyendo yake m'kati kuti adutse.